Kusankha Masewera a pa Thabwa Oyenera Ana a Sukulu

Mau awa ananenedwa ndi mphunzitsi wa Giredi 2 wa ku Mwase Lundazi pa msonkhano wa aphunzitsi a cigawo cathu. Tawasindikiza monga anawanenera, kuti awerengenso amene sanathe kufika.



Pamene kalata ya a Mlembi inandipeza, yakuti ndidzaime pamaso panu kunena za masewera a ana, ndinacita mantha, pakuti ambiri a inu munayamba kugwira coko ine ndisanabadwe. Ndatha zaka zinai zokha m'kalasi citulukire ku sukulu ya uphunzitsi. Cifukwa cace mundilandire monga mwana amene anapsa cala, nafuna kuuza anzace pamene pali khala la moto. Mukamva polakwa mundikonze, pakuti mau a akulu akoma akagonera.

Mutu umene ndapatsidwa ndi wa masewera a pa thabwa, ndiwo masewera aja amene anthu awiri kapena oposa akhala pansi, nasuntha miyala, nthanga kapena zidutswa zina pa thabwa, pa pepala lolimba, kapena m'maenje okumba pansi, motsata malamulo odziwika kwa onse. Funso lace ndi ili: pakati pa masewera ambiriwo, tidzazindikira bwanji abwino, kuti ndalama za sukulu ndi nthawi ya ana zisapite pacabe?

1. Cimene cinandionekera

Ciyambire caka ca 2022, pamene Boma linacotsa malipiro a sukulu kufikira ku sekondale, ana aculuka m'makalasi mwathu monga mudziwa nonse. Ine ndiri nao 68. M'cilimwe sabvuta pa nthawi yopuma, pakuti bwalo liripo ndi mpira womanga ndi mapepala ulipo. Koma m'dzinja, mvula ikagwa usana wonse, ana onsewo atsekeka m'cipinda cimodzi, ndipo phokoso ndi ndeu sizitha. Pa cifukwa ici makolo a m'komiti ya sukulu anabvomera kuti tipatule ndalama pang'ono pa zimene tinapeza pogulitsa nshawa za m'munda wa sukulu, tigulire ana masewera. Wotumidwa ndinali ine.

Ndinapalasa njinga kunka ku boma la Lundazi, ndipo m'sitolo ina ndinaona bokosi lalikulu lonyezimira, la zithunzi za ndege ndi nyumba zazitali. Sindinapemphe kuti alitsegule. Ndinalipira, ndi kugulanso ludo mmodzi, ndipo ndalama zinathera pomwepo. Pofika ku sukulu tinapeza kuti sewero la m'bokosilo lifuna mwana wowerenga makadi a mafunso a m'Cingerezi, onena za mizinda ya kutsidya kwa nyanja imene ngakhale ine sindinaimvepo. Thabwa lace linali pepala lopsapsala, ndipo litangomva cinyontho ca m'dzinja linapindika ndi kung'ambika pakati. Pa ludo panakhala ana anai okha, otsala 64 naimirira pozungulira alikukankhana. Tsiku lacisanu daisi inatayika, sewero nilifera pompo. Akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Pa msonkhano wa makolo ndinasowa poyang'ana, pakuti nshawa zija anazipalira ndi ana ao.

Mvula itakata, tsiku lina ndinapeza anyamata atakumba nsolo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kalasi. Pakati pao panali mnyamata wa zaka khumi, amene anayamba sukulu mocedwa cifukwa ca kuweta ng'ombe za atsibweni ace. Iye akhala kumbuyo, salankhula, ndipo buku lace la masamu linadzala ndi mitanda yofiira ya colembera canga. Atate wace anali atanena kale kuti mwanayo alibe mutu wa sukulu, ndi kuti akakolola adzamcotsa. Ndinakhala pansi kusewera naye, monga kungowakondweretsa anawo. Anandigonjetsa katatu. Ulendo wacitatu, nditatambasula dzanja kuti nditole, iye anati, "Aphunzitsi, musatole apo. Muli miyala isanu ndi itatu. Mudzathera umu, mudzatolanso inai, ndi kukagona apa osadya kanthu. Pamenepo ine ndidzadya yanu iyi." Ndinatola dala, ndipo zinacitika monga momwe ananenera.

Usiku umenewo tulo sitinadze msanga. Mwana amene ndinamuyesa wosadziwa kuonkhetsa 8 ndi 4 anali atawerenga miyala, natsata njira yace pokhota, naoneratu cimene adzacita iye pambuyo pace, zonsezo mu mtima ndi m'kamphindi. Ndipo ine ndinali nditapalasa njinga kukafuna kutali cinthu cimene cinali kuseri kwa kalasi langa. Kuyambira pamenepo ndinayamba kufunsa ndi kuwerenga za masewera awa, ndipo zimene ndapeza ndi izi.

2. Mitundu itatu ya masewera

Mtundu woyamba ndi wa masewera a mwai wokha. Citsanzo cace ndi njoka ndi makwerero. Sewero ili linacokera ku India, kumene analigwiritsa nchito pophunzitsa ana kuti nchito zabwino zikweza munthu ndipo zoipa zimtsitsa. Ku England linafika m'zaka za m'ma 1890. M'menemo mwana sasankha kanthu, pakuti daisi ndiyo ilamulira. Tisalipeputse, popeza kwa ana ang'ono liphunzitsa kuwerenga zipinda ndi kudikira nthawi yao, ndipo wamng'ono angathe kupambana wamkulu. Koma mwana wa Giredi 5 atopa nalo msanga.

Mtundu waciwiri ndi wa masewera osakaniza mwai ndi nzeru, monga ludo. Nayenso anabadwa ku sewero la ku India lochedwa pachisi, limene anali kusewera poponya tizigoba ta m'nyanja, ndipo analembetsedwa ku England m'caka ca 1896. Daisi ipereka nambala, koma mwana asankha yekha cidutswa cimene adzasuntha mwa zinai zace: kaya kuthawitsa ciri pangozi, kaya kuthamangitsa ca mnzace.

Mtundu wacitatu ndi wa masewera a nzeru zokha, opanda daisi. Umu muli dirafuti, chesi ndi nsolo wathu. Dirafuti timdziwa tonse: thabwa la zipinda 64, zitsekerero za mabotolo 12 mbali iyi ndi 12 mbali iyo, wina zace zoyang'ana kumwamba, wina zobvundikira. Chesi aseweredwa pa thabwa lomwelo, ndi zidutswa 16 mbali iri yonse, za mitundu isanu ndi umodzi, uli wonse ndi kayendedwe kace. Ana anga sabvutika kukumbukira cidutswa ca pa ngondya, pakuti cifanana ndi nsanja za nyumba ija ya Castle ya pa boma, imene anamangitsa Bwana Errol Button m'masiku a ulamuliro wa Angerezi. Asanene wina kuti chesi ndi wa Azungu okha. Amon Simutowe, wa dziko lathu lino, wobadwa m'caka ca 1982, analandira dzina la Grandmaster m'caka ca 2009, ndipo anali woyamba kulilandira mwa anthu a maiko a kumwera kwa cipululu ca Sahara.

Tsono nsolo ndiye ndifuna ticedwepo. Monga timasewerera kwathu, pali mizere inai ya maenje, iwiri ya munthu uyu ndi iwiri ya mnzace. Wosewera atola miyala yonse ya m'dzenje limodzi lace, naigwetsa umodzi umodzi m'maenje otsatira, kuzungulira m'mizere yace yokha. Mwala wotsiriza ukagwera m'dzenje muli miyala ina, atola yonse napitirira. Ukagwera m'dzenje lopanda kanthu la mzere wa m'kati, ndipo popenyana nalo pali miyala ya mnzace, aidya naicotsa. Malamulo ang'ono asiyana mudzi ndi mudzi, koma tsinde lace ndi limeneli.

Nsolo ali ndi abale m'maiko ambiri. Ku Zimbabwe ati tsoro, ku Mozambique ntxuva, ku Uganda omweso. Abale athu a ku Kasungu ndi Malawi yense asewera bawo, pa thabwa la maenje 32 ndi nthanga 64, ndipo kumeneko nthanga zodyedwa sizicoka pa thabwa: wodyayo azibzalanso ku mbali yace. Alendo anazindikira kale kuya kwa masewera awa. Dokotala Meredith Sanderson, sing'anga wa Boma ku Nyasaland, analemba malamulo ace m'caka ca 1913. Ndipo mmisiyoni Edwin Smith ndi mnzace Andrew Dale, m'buku lao la 1920 lonena za mtundu wa Aila, anafotokoza cisolo ca kumeneko. Cingakhale ca manyazi ngati ife aphunzitsi tikhala otsiriza kuona cimene alendo anaona zaka zoposa 100 zapitazo.

3. Mafunso asanu ndi limodzi ofunsa tisanasankhe

Funso loyamba: kodi mwana adzacita ciani ndi mutu wace m'sewero ili? Tsegulani bokosi, ngakhale mwini sitolo akwinye nkhope, ndi kusewera inu nokha kamodzi. Muwerenge kuti mwasankha kangati pakati pa njira ziwiri. Ngati simunasankhe konse, sewerolo liyenera ana a Giredi 1 ndi 2 okha, ndipo liwayenera pokhapo ngati muli zowerenga. Ngati munaima kuganiza, "Ndikatere, iye adzatani?" mwapeza sewero limene mwana adzakula nalo. Sewero labwino liri ndi malamulo owerengeka, amene mwana angafotokozere mnzace m'mphindi zisanu, koma nzeru zace sizitha ngakhale munthu amere imvi. Nsolo ndi dirafuti ali otero.

Funso laciwiri: kodi liyenera msinkhu wace? Mwana wa zaka zisanu ndi cimodzi tisamuikire zidutswa 32 za chesi tsiku limodzi, angadane naye moyo wace wonse. Ayambe ndi thabwa la manambala, kenaka nsolo wa maenje ocepa, kenaka dirafuti. Chesi adze pambuyo, ndipo poyamba asewere ndi tizidutswa tating'ono ta kutsogolo tokha. Pa msinkhu palinso za ngozi. Ana athu abwera ndi ang'ono ao kumbuyo masiku ena, ndipo khanda liika m'kamwa, m'mphuno ndi m'khutu ciri conse. Zidutswa zazing'ono zisakhale pofikira mwana wosakwana zaka zitatu. Nthanga za nsatsi, ngakhale ziri zokongola ndi zosalala m'dzanja, ziri ndi ululu wakupha mwana akazitafuna. Comweconso tinjere tija tofiira ta diso lakuda timene ena atunga mikanda. Izi zisalowe m'kalasi konse.

Funso lacitatu: kodi litha nthawi yanji? Nthawi yopuma ndi yaifupi, ndipo sewero losatha belu lisanalire libala ndeu yokha, pakuti ali yense anena kuti akadapambana ndi iye. Ena a inu mwaona Monopoly m'masitolo a ku Chipata ndi ku Lusaka. Sewero ili linacokera ku lina limene mai wina wa ku America, Elizabeth Magie, analembetsa m'caka ca 1904, pofuna kuonetsa kuipa kwa kuunjika dziko m'manja mwa anthu owerengeka. Linayamba kugulitsidwa ndi a Parker Brothers m'caka ca 1935. Litha kutenga maola awiri kapena kuposa, ndipo amene ndalama zamthera atuluka nakhala woonerera. Pa banja, tsiku la chuthi, lingakome. Pa nthawi yopuma ya sukulu siliyenera.

Funso lacinai: kodi lidzalowa ana angati? Apa ndi pamene ndinagwa ine. Bokosi limodzi la mtengo wapatali m'kalasi la ana 68 liri ngati mbale imodzi ya nsima pa maliro. Kuli bwino kukhala ndi matabwa khumi osaoneka bwino koposa limodzi lonyezimira. Nsolo apambana onse pano, pakuti mizere ikatalika angakhale ana atatu kapena anai mbali imodzi, kupangana ndi kutsutsana za potola; ndipo m'kutsutsana kumeneko mwana akakamizika kunena ndi pakamwa masamu amene anali kucita mu mtima. Tifunsenso kuti ana amene alowa ndi ati. Kwathu nsolo akhala sewero la amuna, atsikana nakhala ku ciyato. Ndikasiya ana okha, anyamata akulu alanda matabwa onse. Tsono ndinalemba maina pa khoma, ndi masiku a gulu liri lonse, atsikana ndi anyamata pamodzi. M'mwezi umodzi wokha atsikana awiri anayamba kugonjetsa anyamata, ndipo kuseka kunatha.

Funso lacisanu: kodi lidzalimba, ndipo cidutswa cikatayika tidzapeza cina? Ili ndi funso la cuma. M'sukulu zathu muli cinyontho, ciswe, makoswe ndi manja ambiri. Pepala lopsapsala silitha caka. Ngati mugula, pindani thabwalo pang'ono ndi kuona ngati libwerera. Palani utoto ndi cikhadabo. Werengani zidutswa pamaso pa wogulitsa. Koma coposa ndi ici: sankhani sewero limene mwala kapena citsekerero ca botolo cingalowe m'malo mwa cidutswa cotayika. Mmisiri wa matabwa wa m'mudzi mwathu anatisemera nsolo awiri pa zotsala za citseko, ndipo tinalemba dirafuti pa nsonga ya benchi lothyoka. Daisi tisema pa kamtengo kolimba. Kumbukirani kuti madontho a mbali ziwiri zopenyana kumbuyo akwane 7, ndiko kuti 1 ndi 6, 2 ndi 5, 3 ndi 4. Cimanga ndi nyemba musaziyese zidutswa, pakuti anankafumbwe ndi makoswe adzasewera usiku. Timiyala ta ku mtsinje sitibvunda. Gulu liri lonse likhale ndi kathumba kace ndi mwana wosunga, wowerenga zidutswa poyamba ndi potsiriza. Kumeneko ndi kuwerenga ndithu, ndiponso ndi kuphunzira kusunga ca anthu onse.

Funso lacisanu ndi cimodzi: kodi lilankhula cinenero ca mwana? M'makalasi mwathu muli ana olankhula Cicewa kwao ndi ena olankhula Citumbuka, ndipo onsewo alikulimbana ndi Cingerezi. Sewero lodalira makadi a mau ambiri acilendo lipatsa mphoto mwana wa mphunzitsi ndi wa kalaliki, ndi kucititsa manyazi otsala. Taonani Scrabble, sewero labwino la kumanga mau. Liri ndi tizidutswa 100, ndipo zilembo anazigawa monga mwa Cingerezi: E alipo 12, A alipo 9, koma K ndi mmodzi yekha, Z ndi mmodzi yekha. Mwana wofuna kulemba "kukoka" afuna K atatu. Q ndi X, amene Cinyanja sicimawafuna, alimo. Kwa a Giredi 6 ophunzira Cingerezi lithandiza. Kwa ang'ono, dulani makatoni nokha ndi kulembapo maphatikizo monga ka, ku, mwa, nda, dzi, kuti amange mau a cinenero cimene amva. Nsolo, dirafuti ndi chesi alibe bvuto ili, pakuti Mcewa ndi Mtumbuka akhala pa thabwa limodzi osasowa womasulira.

4. Thabwa la manambala la ana oyamba

Pali thabwa limodzi limene ndipempha mphunzitsi ali yense wa Giredi 1 kuti apange sabata lomwe lino, pakuti anthu ophunzira analiyesa mosamala. M'caka ca 2008 Geetha Ramani ndi Robert Siegler, a pa Carnegie Mellon University ku America, anafalitsa zimene anapeza pa ana a zaka zinai ndi zisanu a m'mabanja osauka. Gulu lina linasewera pa thabwa la zipinda khumi zondandalika mu mzere woongoka, zolembedwa 1 kufikira 10. Gulu lina linasewera pa thabwa lofanana nalo, koma la mitundu ya utoto m'malo mwa manambala. Anasewera kanai kokha, pafupifupi mphindi 15 ulendo uli wonse, m'masabata awiri. Ana a thabwa la manambala anapita patsogolo pa kuwerenga, pa kuzindikira manambala olembedwa, pa kudziwa nambala yaikulu mwa ziwiri, ndi pa kuloza malo a nambala pa mzere. Ndipo patapita masabata asanu ndi anai phindulo linali likadalipo. Ana a thabwa la utoto sanasinthe. M'caka ca 2009 anayesanso thabwa lozungulira ngati koloko, napeza kuti silithandiza monga loongoka.

Cifukwa cace cioneka. Pa mzere woongoka mwana aona ndi maso kuti 8 ali kutali kawiri koposa 4. Dzanja lace liyenda ulendo wautali, pakamwa pace pachula manambala ambiri, ndi nthawi ipita yambiri. Maso, dzanja ndi khutu zonse zimuuza cinthu cimodzi.

Kapangidwe kace ndi aka. Dulani katoni, kutalika kwace ngati mkono, ndi kulemba zipinda khumi zolingana, 1 ku dzanja lamanzere, 10 ku dzanja lamanja. M'malo mwa daisi ponyani citsekerero ca botolo: cikagwa cagada mwana ayenda cipinda cimodzi, cikagwa cafufumimba ayenda ziwiri. Tsono cherani khutu pa lamulo ili, pakuti ndilo mtima wa sewerolo. Mwana acule manambala a zipinda zimene apondamo. Ngati ali pa 3 ndipo wapeza ziwiri, anene "4, 5," asanene "1, 2." Ana onse afuna kunena "1, 2," ndipo akatero thabwa liri ngati losalembedwa. Khalani nao kufikira azolowere, kenaka muike mwana wamkulu woyang'anira.

Akafika pa thabwa la zipinda 100, ndiri ndi ganizo langa limene mungaliyese. Matabwa ogula a njoka ndi makwerero ayenda mokhotakhota, mzere wina kunka kumanja, wotsatira kubwerera kumanzere. Ine polemba langa ndiyambitsa mzere uli wonse kumanzere, kotero kuti 3, 13, 23 ndi 33 akhala wina pamwamba pa mnzace. Mwana wokwera makwerero oongoka aona yekha kuti waonjeza makumi.

5. Macenjezo awiri

Cenjezo loyamba: tisalonjeze makolo zimene masewera sangathe kucita. Ambiri anena kuti mwana akaphunzira chesi masamu adzadza okha. Ku England anayesa mau amenewa m'sukulu 100, pa ana pafupifupi 4,000 a zaka 9 ndi 10. Theka la sukuluzo linalandira maphunziro a chesi maola 30. Zotsatira zace, zimene bungwe la Education Endowment Foundation linafalitsa m'caka ca 2016, sizinaonetse kuti ana a chesi anaposa anzao pa mayeso a masamu. Phunziro limene nditengapo ndi lakuti nzeru ya pa thabwa siwoloka yokha kunka m'buku. Mlatho wace aumanga ndi mphunzitsi. Thabwa la manambala lija linathandiza cifukwa manambala enieniwo anali pa thabwapo. Momwemo ndi nsolo: mwana atatha kusewera, mumfunse kuti anadziwa bwanji pothera, ndi kulemba yankho lace pa bolodi m'manambala, kuti aone kuti cimene acita ndi miyala ndico comwe buku lifunsa.

Cenjezo laciwiri ndi la njuga. Gogo wina anadza kwa ine nati, "Aphunzitsi, tinakupatsani mdzukulu kuti aphunzire, tsono mulikumphunzitsa kuchova?" Sindinamseke, pakuti nkhawa yace ndi yoona. Masiku ano njuga ya kubecha mpira yalowa m'mafoni, ndipo tadziwa anyamata amene ndalama za soya zawathera m'menemo. Cosiyanitsa sewero ndi njuga ndi cikole. Cifukwa cace pa sukulu pathu lamulo ndi limodzi: pa thabwa saikapo ndalama, kapena siwiti, kapena pensulo, kapena mbatata ya mnzace, wopezeka atero akhala sabata osasewera. Makolo auzidwe lamuloli masewera asanayambe, ndipo kumene mitima ikaikabe, yambani ndi nsolo ndi dirafuti, amene alibe daisi. Pamodzi ndi ici tiphunzitse ana kugonja bwino. Asanayambe apatsane moni, atatha agwirane canza. Wopambana asanyoze, wogonja asamwaze miyala, ndipo mwala wogwiridwa usunthidwe. Mwana amene waphunzira kugonja osalira ndi kupambana osadzitama waphunzira cinthu cimene cidzamthandiza m'banja ndi pa bwalo la milandu. M'mera mpoyamba.

6. Pempho langa

Musanandifunse za mnyamata uja, ndinene. Ndinakumba maenje khumi pa khonde la kalasi, ndipo tsiku ndi tsiku iye anali kugwetsa miyala, ine ndi kulemba m'manambala cimene wacita. Pambuyo pace tinasinthana, ine miyala, iye coko. Kuwerenga mau kukali kumbvuta, ndipo sindinena kuti wakhala woyamba m'kalasi. Koma mitanda yofiira yacepa m'buku la masamu, ndipo dzanja lace limakwera. Ndinanka kwa atate wace ndi bukulo. Iwo anayang'ana nthawi yaitali, nati, "Nsolo ameneyo ndinamphunzitsa ndine." Kukolola kunapita, ndipo mwanayo akali pa sukulu.

Tsono, a Wapampando, ndipempha zinthu zitatu. Coyamba, sukulu iri yonse ya bungwe lathu ipange matabwa ace a manambala, a dirafuti ndi a nsolo isanagule kanthu ku sitolo. Ndipo ikafuna kugula, anke anthu awiri ndi mafunso asanu ndi limodzi aja, pakuti safunsa anadya phula. Caciwiri, tipemphe a nyakwawa kuti atipatse akulu odziwa nsolo, adze ku sukulu tsiku limodzi pa mwezi kudzaphunzitsa ana. Ndipo ife tilembe malamulo monga awanenera, mudzi ndi mudzi, angatayike pamodzi ndi eni ace. Cacitatu, pa msonkhano wathu ulinkudza mphunzitsi ali yense adze ndi thabwa limodzi lopangidwa pa sukulu pace, ndi mau owerengeka a zimene anaona pa ana, zokoma ndi zolephera zomwe, kuti a Mlembi aziike m'tsamba lathu.